Mpendero wa Zala Zinayi

Anthu achilendo mumsewu umenewo akamva kuti telala wa pakati pa wosoka nsapato ndi wokonza mawailesi amatchedwa a Zalazinayi, ankayamba kusuzumira manja awo mwakabisira, kufuna kuona chala chimene makina anadya. Ankangodzivutitsa. Zala zinalipo zonse khumi, zazitali, zouma, chachikulu chakumanja chitalimba khungu chifukwa cha sizasi. Dzinalo linachokera pa kadulidwe kawo ka nsalu.

Mwana akabwera kudzayezedwa yunifolomu, a Zalazinayi ankamuimika pakhomo pamene pali kuwala, n'kumuyeza ndi tepi monga achitira telala aliyense: mapewa, chifuwa, chiuno, kutalika mpaka m'mawondo. Koma akayala nsalu patebulo, asanagwire sizasi, ankasanjika dzanja lamanzere m'munsi mwa mzere wa choko, zala zinayi zitagundana, n'kulemba mzere wina. Ankadula pa mzere wachiwiriwo. Nsalu yoonjezerayo inkapindidwira mkati n'kukhala mpendero wonenepa m'munsi mwa diresi kapena kabudula, ndipo m'mbali namonso ankabisamo zala ziwiriziwiri. Mwana akakula, mayi ake ankangobwera nacho chovalacho, msoko n'kumasulidwa, nsalu n'kutsika, mwana n'kupitanso nacho kusukulu chaka china.

Makolo ena ankadandaula kuti nsalu ikupita yambiri.

"Mayi," ankatero a Zalazinayi, mapini ali pakamwa, "mukanabwera ndi mpando, ndikanaukuta mongokwanira, chifukwa mpando sukula. Koma inu mwabwera ndi munthu."

Atelala anzawo ankawaseka kuti akudzipha okha, poti kasitomala woyenera kubwera chaka ndi chaka ankaoneka kamodzi pa zaka zitatu. Ndipo tisanamizane, sanalemere nazo. Makina opondera amene anayamba nawo ali mnyamata ndi omwewo anakalamba nawo, lamba wake atalumikizidwa ndi waya malo awiri. Chipinda chawo chosokeramo chinali chakuti munthu akatambasula manja akhudza makoma onse awiri: tebulo lodulira, makina pafupi ndi zenera, chingwe cha zovala zomalizidwa, ndi kampando kafupi pakona.

Kampando kameneko kanali ka akazi awo, amene msewu wonse unkawatcha Mayi Mabatani. Iwo ndi amene ankasoka mabatani, kusita ndi simbi ya makala, ndiponso kusoka mipendero yonse pamanja. Ankakana kuti mpendero upite pamakina, ati makina amasiya zibowo zimene zimadzaonekera tsiku lomasula, pomwe msoko wa pamanja umachoka osasiya chizindikiro. Msoko wawo unali waung'ono, wopendekeka pang'ono, wondondozana ngati nyerere. A Zalazinayi ankatha kuuzindikira pa mwana wodutsa tsidya lina la msewu.

Ha, koma kale kunali masiku! Masabata awiri sukulu zisanatsegulidwe, pakhomo paja pankachita kusowa popondapo. Ana ali piringupiringu pabenchi, ena akulira chifukwa choopa mapini, amayi akukambirana za mitengo ya makope, fungo la nsalu yatsopano ikamapsa ndi simbi likutuluka mpaka kumsewu. Wokonza mawailesi ankasiya wailesi imodzi ikuimba tsiku lonse kuti anthu adziwe kuti ntchito amaitha. Wosoka nsapato, mkulu wapakamwa amene ankatchedwa a Chidendene, ankakuwa ali pakhonde pake: "Achimwene, mwana ameneyo mwamuyeza kapena mwayeza mdzukulu wake?" Mayi Mabatani ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi kansalu kotsala, kenako n'kunena kuti, "Asiyeni bambowa. Ine pondikwatira anandisiyiranso zala zinayi, n'chifukwa chake ndakwanabe m'nyumba mwawo."

Pakati pa miyendo ya anthu onsewo pankapyola kamtsikana kowonda, mdzukulu wawo, mwana wa mwana wawo wamkazi amene ankagulitsa tomato ndi anyezi kumsika. Chifukwa cha kuwondako ndi kulowa paliponse, agogo ake aakazi anamutcha Kasingano. Anaphunzira kuwerenga manambala pa tepi ya agogo ake asanayambe n'komwe sukulu, ndipo m'kalasi anali mutu weniweni. Tsiku limene dzina lake linatuluka kuti wasankhidwa kupita kusekondale, a Zalazinayi anatseka shopu masana, chinthu chimene sankachita ngakhale atadwala malungo, n'kupita okha kukasankha nsalu yobiriwira ya sukuluyo. Anamuyeza kawiri. Zala zinayi anaziika mosakakamira, zotakasuka bwino.

Mayi Mabatani anasoka mpenderowo masana awiri, akuimba pansipansi. Anasoka mabatani anayi. Ali pa batani lachisanu, wailesi ya woyandikana nawo inalengeza kuti chifukwa cha mliri umene unali utafika, sukulu zonse zatsekedwa kufikira boma litanenanso.

"Basi, palibe chothamangira," anatero mayiwo, nabaya singano pa kolala, ulusi uli lende. "Ndidzamaliza akadzatsegulira."

Sanamalize. Patapita miyezi iwiri anayamba kutsokomola ndi kubanika. Anawatengera ku tenti ya kuseri kwa chipatala kumene achibale sankaloledwa, ndipo a Zalazinayi anaima kumpanda masiku asanu ndi limodzi ndi kabasiketi ka chakudya kamene ankangokapereka kwa mlonda. Pa maliro panali anthu osakwana makumi awiri, otalikiranatalikirana, pakamwa potseka. Mayi amene anasokera mabatani theka la tauni anapita ngati mlendo. Zimenezi zinawawawa a Zalazinayi kuposa imfa yeniyeniyo, ndipo sanazimeze mpaka lero.

Miyezi yotsatirayo ankasoka mamasiki. Tinsalu topanda mapewa, topanda mawondo, topanda poika zala zinayi. Ankatisoka atatseka pakamwa ngati munthu wodya mankhwala owawa. Msika unkatsegulidwa masiku owerengeka, ndiye Kasingano, wa zaka khumi ndi zinayi, ankayenda ndi beseni la tomato khomo ndi khomo kuthandiza mayi ake. M'kuyendayenda momwemo anadziwana ndi mnyamata wina wonyamula anthu panjinga yamoto. Pamene sukulu zinkatsegulidwa, mtsikana anali ndi pakati, ndipo wanjingayo anali atasowa ngati utsi.

Mayi ake anabwera naye kushopu kudzawauza agogo. Kasingano anaima pakhomo pomwe paja ankayezedwera, nkhope ili pansi. Atadzutsa maso, anayang'ana diresi lobiriwira lija lili pamsomali, singano idakali pa kolala.

"Usaliyang'ane," anatero a Zalazinayi mwaukali. "Agogo ako anasokera mwana wasukulu. Sanasokere mayi."

Mtsikanayo sanalire. Anangotembenuka n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo, akamapita kumsika ankadzera msewu wakuseri, wautali, wamatope, kusiyana n'kudutsa pakhomo pa agogo ake. A Zalazinayi anadziwa madzulo omwewo kuti alankhula ngati chitsiru, koma madzi akatayika saoleka, ndipo mkuluyu anali ndi khosi louma ngati lamba wa makina ake. Analowetsa diresi lija m'nsalu ya pilo kuti lisachite fumbi, nalibwezera pamsomali. Mwana atabadwa, wamwamuna, anamusokera timalaya titatu n'kutumiza kudzera kwa mayi ake a Kasingano. Okha sanapiteko. Zaka ziwiri zinatha choncho.

Mliri utazilala, msewu uja unali ngati m'kamwa mwa nkhalamba. Wokonza mawailesi anali atatseka n'kubwerera kwawo, ndipo pachitseko chake panali loko wadzimbiri. Makolo ankagulira ana zovala zakaunjika za mtundu woyandikira, ena osawatumiza n'komwe kusukulu. Masiku ena makina a a Zalazinayi ankalira kamodzi kokha, kusoka thumba long'ambika la buluku. Pa kawailesi ka a Chidendene ankamva akuluakulu akunena za ndondomeko ya boma yobwezeretsa chuma ndi moyo wa anthu m'chimake.

"M'chimake!" ankatero a Chidendene, akukhoma msomali pa nsapato. "Mawu akuluakulu ngati jombo za msilikali. Tiona ngati muli phazi."

Phazi linalimo. Tsiku lina m'mawa panaima njinga yamoto, n'kutsikapo mayi wachitsikana wovala chisoti, chikwama cha mapepala chili pamsana, maso ofiira ndi fumbi. Anali wochokera ku ofesi yoyendetsa ndondomekoyo. A Chidendene sanachedwe kumupatsa dzina: Mayi Mafomu.

Mayiyo anafotokoza bwinobwino ataima, poti pokhala panalibe. Kampando ka pakona a Zalazinayi sankapatsa munthu. Boma linkafuna kupha mbalame ziwiri. Atelala ang'onoang'ono apatsidwe ntchito kuti makina awo alirenso, ndipo ana amene anasiya sukulu nthawi ya mliri abwerere, ngakhale atsikana amene anabereka, atapatsidwa yunifolomu yaulere. A Zalazinayi anapatsidwa madiresi makumi anayi a sekondale yapafupi, nsalu yobiriwira yomwe ija. Kenako mayiyo anatulutsa makatoni atatu odulidwa ngati diresi: laling'ono, lapakati, lalikulu.

"Muzingoika katoni pansalu n'kudula, agogo. Nsaluyi anaiyeza ku ofesi, ikwana makumi anayi ndendende. Mpendero chala chimodzi basi."

"Nanga anawo abwera liti kuti ndiwayeze?"

"Sabwera. Masaizi ali pa mndandandawu."

"Chala chimodzi," anabwereza a Zalazinayi, akutembenuza katoni ngati nsomba yokayikitsa. "Nanga chaka chamawa mwana akakula?"

"Ndondomekoyi ndi ya chaka chimodzi, agogo."

"Mwanayo ndi wa chaka chimodzinso?"

Mayi Mafomu anapumira m'mwamba. Anali ndi atelala ena khumi ndi awiri oti awafikire tsiku lomwelo, aliyense ndi nzeru zake. "Ine sindinalembe malamulowa. Mukufuna ntchitoyi kapena ndipite nayo kwina?"

Anaifuna. Anasaina.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, mwana wawo wamkazi anatulukira, beseni lopanda kanthu lili m'manja. Anakhala pabenchi ya pakhomo n'kulankhula akuyang'ana kumsewu.

"Bambo, mwaona dzina lomaliza pa pepala lanulo?"

Iwo anali atangoona masaizi. Anavala magalasi. M'munsi mwenimweni, pa nambala makumi anayi, panali dzina lolembedwa ndi cholembera pamanja, loonjezeredwa mochedwa: dzina la m'kaundula la Kasingano. Saizi yaikulu.

"Ndamunyengerera miyezi itatu," anapitiriza mwana wawoyo. "Mwana ndizikhala naye ine kumsika. Wavomera chifukwa cha yunifolomuyo. Akuti mu yunifolomu aliyense amafanana, palibe angadziwe kuti uyu ndi mayi, uyu ndi mwana. Koma wanenetsa kuti ndi zovala zakunyumba sakapondako, anzake a msinkhu wake ali kale kutsogolo, sakufuna kukhala cholozedwa. Akaphonya Lolemba lotsegulira sukulu, bambo, ndikumudziwa, sadzapitanso."

"Diresi lake lidzakhalapo," anatero a Zalazinayi, osadzutsa mutu. Anaganiza zoti la mdzukulu wawo adzalidule pomalizira, dzanja litazolowera makatoni, kuti lidzatuluke bwino koposa onse.

Ndiye makina analira! Sabata yonse msewu unamva phokoso lija unaliiwala. A Zalazinayi ankafika m'mamawa, kuyala nsalu, kuika katoni, kulemba ndi choko, kudula, uku akuimba nyimbo zomwe Mayi Mabatani ankaimba. Fungo la simbi linabwerera. Anthu odutsa ankasuzumira n'kunena kuti, "Madala, mwadzuka!" Iwo n'kumangogwedeza mutu, phazi lili pa chopondera.

Lachitatu la sabata yachiwiri a Chidendene analowa kudzabwereka sizasi. Anaima n'kumaonerera mnzawo akudula. Kenako anakhosomola.

"Achimwene, dzanja lamanzerelo likutani pamenepo?"

A Zalazinayi anayang'ana pansi. Dzanja lawo linali litasanjikika m'munsi mwa katoni, zala zinayi zitagundana, ndipo choko chinali chitalemba kale mzere wachiwiri. Sanalitume. Zaka makumi anayi ndi zisanu dzanja limenelo linkachita zomwezo m'mawa uliwonse, ndipo silinamve zimene ananena Mayi Mafomu. Anathamangira pachingwe n'kuyamba kupinda madiresi omalizidwa m'munsi, limodzilimodzi. Onse anali ndi mpendero wonenepa. Makumi awiri ndi awiri.

Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu. Kuyambira pamenepo anadula ngati munthu wodula nyama ya mwini wake, dzanja lamanzere atalibisa m'thumba. Makolala anawalumikiza kuchokera ku zidutswa, matumba anawachepetsa, malamba anawasoka ndi timizere totsala. Koma nsalu si mphira. Lachinayi la sabata yotsatira, masana, anamaliza diresi la makumi atatu ndi chisanu ndi chinayi, ndipo patebulo panatsala kansalu kosakwana ngakhale mpango.

"Nkhani yaing'ono imeneyo," ananong'ona a Chidendene. "Masaizi aakulu alipo asanu ndi atatu. Tengani limodzi mupatse mdzukulu wanu. Wosowayo akhale wina. Adziwa ndani?"

A Zalazinayi anayang'ana madiresi aakuluwo nthawi yaitali, ndipo tisawanamizire ungwiro, dzanja linafika mpaka pachingwe. Kenako analibweza.

"Winayo nayenso alipo amene wamunyengerera miyezi itatu," anatero.

Mayi Mafomu atabwera kudzatenga katundu madzulo ake, anawerenga kawiri, kenako anapinda diresi limodzi m'munsi n'kuona. Anavula chisoti.

"Agogo! Ndinanena kuti chala chimodzi! Nsalu ina kulibe, yotsatira idzabwera teremu yamawa ngati idzabwere n'komwe. Ine ndikalemba chiyani? Pa fomu palibe malo olembapo kuti telala anali ndi chifundo."

"Sichinali chifundo, mayi. Ndi dzanjali. Ndalakwa ndine, lembani choncho." Analoza dzina lomaliza pa mndandanda. "Wosowayo ndi mdzukulu wanga. Ndipatseni mpaka Loweruka."

Mayiyo anawayang'ana, nayang'ananso mpendero uja, akuupapasa ndi chala. Mkwiyo unamuthera pang'onopang'ono. "Ine yunifolomu yanga ya ku pulayimale inkandifika apa," anatero, akuloza pamwamba pa bondo, "ndinkayenda nditagwira kumbuyo." Anavalanso chisoti. "Loweruka masana. Ndikapeze makumi anayi."

Lachisanu m'mawa a Zalazinayi sanatsegule makina. Anaima kutsogolo kwa msomali uja kwa kanthawi, kenako anatsitsa nsalu ya pilo n'kusolola diresi. Linali lobiriwira ngati dzulo. Singano inali pomwe anaibaya mwini wake, itachita kadzimbiri pang'ono, ulusi uli lende. Anatembenuza m'munsi. Nyerere zija zinali pomwepo, zondondozana kuzungulira diresi lonse, msoko womaliza umene Mayi Mabatani anausoka padziko lino. Kwa zaka ziwiri, masana ena kukakhala zii, mkuluyu ankalowetsa dzanja mu pilomo n'kumayendetsa chala pa msokowo. Sanauzepo munthu. Zovala zina zonse za malemu anagawana achibale, ndipo chimene chinatsala cha manja awo chinali chimenechi.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anakoleka tepi m'khosi, nakhoma shopu, n'kudzera msewu wakuseri uja, wautali, wamatope, kuti aone kumene mdzukulu wawo wakhala akuyenda.

Anamupeza pakhomo pa chipinda chimene ankachita lendi ndi mayi ake, akuchapa matewera m'beseni. Poyamba sanamuzindikire. Kasingano sanalinso kasingano: anali atatalika, mapewa atadzaza, nkhope itakhwima. Pambali pake kamnyamata konenepa kankakoka ndowa, katavala kamalaya kamene iwo anasoka. Anaona kuti mpendero wake unali utamasulidwa kale, ndipo wina anaubwezera pamanja, ndi msoko waung'ono wopendekeka pang'ono.

"Wasoka ndani apa?" Ndiwo anali mawu awo oyamba patatha zaka ziwiri.

"Ine." Mtsikanayo anaimirira, manja akudontha thovu. "Mwadzuka bwanji, agogo?"

"Ndadzuka. Ndabwera kudzakuyeza."

"Anati sitiyezedwa. Anati saizi yaikulu."

"Saizi yaikulu yako kulibe. Ndawononga nsalu ya boma ndi dzanja langali." Anatambasula diresi lija. "Latsala ili."

Kasingano analiyang'ana. Anapukuta manja pa siketi, koma sanalikhudze.

"Munati linasokeredwa mwana wasukulu," anatero motsitsa. "Munati silinasokeredwe mayi."

Mutu ukakula sulewa nkhonya. A Zalazinayi anailandira imeneyo ataimirira, pamaso pa amayi awiri oyandikana nawo amene anali atasiya kusesa.

"Ndinatero. Ndinanama, mdzukulu wanga. Tayang'ana umu." Anapinda m'munsi mwa diresi, namuonetsa. "Ine ndi agogo ako tinkadziwa kuti udzakula. Sitinkadziwa kuti udzakula motani, koma malo tinakusiyira. Pakamwa pangapa ndi pamene ndinadula mongokwanira. Undikhululukire."

Mtsikanayo anaphimba nkhope ndi mkono n'kulira kulira kumene sanalire tsiku lija. Kamnyamata kataona mayi ake akulira nako kanayamba, ndipo a Zalazinayi, osadziwa chochita, anakanyamula. Kanasiya kulira n'kugwira tepi ya m'khosi mwawo, n'kuiika m'kamwa.

Anabwerera kushopu atatu, kudzera msewu wa kutsogolo. A Chidendene atawaona anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anatsekanso, n'kuweramira nsapato.

Kasingano anaima pakhomo pamene pali kuwala. Mapewa, chifuwa, chiuno, kutalika mpaka m'mawondo. A Zalazinayi analemba manambala pakhoma ndi choko, nayerekeza ndi akale amene anali asanafufutike. M'mbali munkafunika zala ziwiri uku ndi uku. M'munsi zinayi zonse.

Misoko ya m'mbali inali ya makina, yawo yomwe, ndipo anaimasula mosavuta. Atafika pa mpendero anatenga lezala, nayala diresi pamwendo, n'kuima.

"Agogo, ngati simukufuna, ndikhoza kuvala lalifupi," anatero Kasingano.

"Ukayende utagwira kumbuyo? Ayi." Anapukuta magalasi. "Agogo ako ankakana makina chifukwa cha tsiku ngati lalero. Ankasoka kuti zidzamasulidwe."

Anadula mfundo yoyamba, nakoka ulusi. Unatuluka wonse mofewa, osakakamira paliponse, ndipo nyerere zija zinazimirira imodzi ndi imodzi mpaka kuzungulira. Pansalu sipanatsale ngakhale chibowo chimodzi. Ulusiwo anaukulunga pa chala, nauika m'thumba la malaya la pachifuwa. Misozi inkatsikira m'makwinya, ndipo sanaibise.

Nsalu yonse itatsika, panalibenso yopinda. Anatenga kansalu kaja kanatsala ku nsalu ya boma, nakadula timizere, n'kulumikiza mkati kuti m'mphepete musayoyoke. Atamaliza pamakina, panatsala kusoka pamanja. Anayang'ana manja awo, nayang'ana mdzukulu wawo. Kenako anapita pakona, nakoka kampando kafupi kaja, n'kukapukuta fumbi ndi chikhatho.

"Khala apa. Msoko umenewu ine sindiutha."

Kasingano anakhala. Anasoka mpendero wonse, agogo ake akusewera ndi mwana pabenchi ndi mabobini opanda ulusi. Pomalizira anazula singano ija pa kolala, naipukuta dzimbiri pa siketi yake, n'kumaliza batani lachisanu ndi ulusi womwe unali lende uja.

Loweruka masana Mayi Mafomu anapeza diresi la makumi anayi lili pathupi pa mwini wake, lositidwa, likufika m'mawondo ndendende. Analizungulira, naona kuti kolala yake ndi yosiyana pang'ono ndi ya pa katoni.

"Limeneli si la nsalu yathu," anatero.

"Timizere ta mkati ndi tanu," anayankha a Zalazinayi.

Mayiyo anatulutsa cholembera. "Pa fomu palembedwa madiresi makumi anayi. Sipanafunse kuti anasokedwa liti." Anachonga, nakweza katundu wake panjinga. Asanalize injini anatembenuka. "Za zala zinayizo ndikazinena ku ofesi. Sindikulonjeza kanthu, agogo, kumeneko makutu ndi ochepa kuposa mafomu."

Lolemba m'mawa a Zalazinayi anafika pashopu msanga kuposa masiku onse, n'kumasesa pakhomo pomwe panali posesa kale. Ana anayamba kudutsa, obiriwira okhaokha, ndipo iwo ankawazindikira makumi awiri ndi awiri aja ndi kulemera kwa m'munsi mwa madiresi awo. Kenako anatulukira Kasingano, makope ali pachifuwa, akuyenda pakati pa msewu. Anaima pakhomo.

"Agogo, landikwana ndendende. Mulibenso chotsala mkatimu. Nanga ndikakulanso?"

A Zalazinayi anatsamira tsache, namuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga ayang'anira telala.

"Ukakulanso ubwere," anatero. "Udzere kutsogolo konkuno."